Makutu a Achimwene

Gulu lathu loimba linali la anthu atatu: achimwene anga pa kibodi, Ndevu pa ng'oma, ine woimba. Tinkadzitcha Kayaziyazi, ndipo dzinalo linkatiyenera. Nyimbo zathu zinali zofewa, zija munthu amavina atagwira kapu ya zakumwa osataya ndi dontho lomwe. Achimwene ndiwo ankapeka zonse. Kibodi yawo inkalira ngati timabelu, pena ngati madzi akudonthera m'beseni, ine n'kumayala mawu pamwamba pake. Ankatiitana m'mahotela, m'maukwati ndi m'maphwando a makampani, ndipo nyimbo zathu zina zinamvekapo pa wayilesi.

Masana aliyense anali ndi ntchito yake. Ine ndinkakonza anthu tsitsi mu saluni. Ndevu ankayendetsa galimoto yoperekera buledi m'masitolo. Chibwano chake chinali see ngati cha khanda, n'chifukwa chake anam'patsa dzinalo. Achimwene ankagwira ntchito pa fakitale yopanga mafelemu a zitseko ndi mawindo, pa makina aakulu opinda zitsulo. Nyimbo tinkaphunzirira m'galaja ya kunyumba kwawo, imene anaimata masiponji m'makoma kuti aneba asadandaule.

Lamlungu lina masana tinapeza achimwene atafika kale m'galajamo, atavula nsapato.

"Tamvani iyi," anatero, n'kukanikiza batani.

Chimene chinatuluka m'masipika sichinali nyimbo. Kunali kugunda kwa chitsulo cholemera, du, du, du, kosapumira, ndipo pakati pake pankamveka kulira kwakuthwa ngati munthu akukanda galasi ndi msomali. Zitini za penti pa shelefu zinayamba kunjenjemera. Ndinamva kugundako m'mimba ndi m'mano.

Ndevu anaseka. "Akulu, sipika yapsa kapena?"

"Ndi makina a kuntchito kwathu. Ndawajambula pa foni. Imeneyi ndiye nyimbo yathu yatsopano."

"Nanga ine ndiimba pati, achimwene?" ndinafunsa.

Sanandiyankhe. Anali kuyang'ana pansi, chikhato chili pa sipika. Ndinawagwira paphewa n'kufunsanso.

"Usaimbe," anatero. "Ukuwe."

Tinkayesa ndi zocheza za tsiku limodzi. Koma sabata yotsatira tinapeza mgolo wachitsulo pamalo pa ng'oma imodzi ya Ndevu. Kenako kunabwera unyolo, lata lopindika, ndi nyundo ziwiri. Pa kibodi achimwene anasiyiratu kukhudza mbali ya kumanja kumene kuli mawu ang'onoang'ono. Ankangopondereza kumanzere, kwa mawu aakulu, mpaka chitseko cha galaja chinkachita kulira pachokha. Nyimbo zathu zakale za chikondi anaziphwasula imodziimodzi n'kuzimanganso ndi zitsulo. Mawu anali omwe aja, koma ndikawakuwa pamwamba pa phokosolo ankamveka ngati munthu akuopseza mnzake.

Pa phwando lina la ku hotela achimwene anayamba nyimbo yatsopano osatichenjeza. Mayi wina anatseka makutu a mwana wake. Bwana wa hoteloyo anabwera yekha n'kuzula nthambo ya magetsi pakhoma, ndipo sanatiitanenso. Amaukwati nawo anamva, n'kutisiya.

Chodabwitsa, kunabwera anthu ena. Ndevu anaika kavidiyo ka m'galaja pa intaneti, ndipo achinyamata amene sitinkadziwa n'komwe kuti alipo anayamba kutifunafuna: ana a ku koleji, amakanika, atsikana ovala zakuda zokhazokha. Ankati akhala akudikira nyimbo zotere. Ndevu anayamba kuzikonda. Ankati akamenya mgolo uja mkwiyo wonse wa pamsewu umatha.

Ine ndinkaziopa. Ndikachoka m'galajamo, m'makutu munkalira mluzu mpaka mawa lake. Koma chimene ndinkaopa kwambiri anali achimwene eni ake. Anali munthu wa nthabwala, woti pamaliro pomwe ankatha kukuseketsa. Tsopano ankakhala duu pagulu. Akayankhula ankachita kukalipa, ngakhale akungopempha madzi. Ukamawauza kanthu ankakuyang'anitsitsa pakamwa osaphethira, mpaka iwe n'kuiwala chimene umanena.

Tsiku lina alamu anga, akazi awo, anabwera ku saluni. Anadikira kuti kasitomala wanga alowe pansi pa makina oumitsira tsitsi, kenako anandikokera kuseri kumene timachapira matawulo.

"Mlamu, achimwene anu akusuta chinachake?"

"Sindinawaonepo."

"Nanga pali mkazi wina?"

"Alamu, nthawi yake iti? Akakhala kuti sali kuntchito ndiye kuti ali m'galaja."

Anakhala pa ndowa yovundikira. "Dzulo mwana anagwa pa masitepe. Analira mpaka aneba anatuluka. Bambo ake anali pabalaza pomwepo, akukonza nthambo, msana uli kukhomo. Sanatembenuke. Nditawafunsa anandikalipira kuti ndikuwanamizira." Anapukuta m'maso ndi thawulo lathu la ntchito. "Amalume anu aja anayamba bwanji?"

Amalume athu anadwala misala tili ana. Nawonso anayamba ndi kukhala chete, kenako kukalipa, ndipo anathera m'chipinda chokhoma. Funso limenelo ndinali nditadzifunsa kale ndekha, koma kulimva likutuluka m'kamwa mwa munthu wina kunandiziziritsa m'mafupa.

Yankho ndinalipeza pamsewu. Loweruka lina m'mawa tinapita limodzi kukagula nthambo za masipika. Pobwerera ndinatsalira pang'ono kugula madzi, achimwene n'kutsogola. Pakhomo la sitolo ya simenti lole inali kubwerera chambuyo kutuluka pageti. Dalaivala ankaliza hutala, wothandiza wake akumenya m'mbali mwa lole ndi chikhato. Anthu onse anaima. Achimwene okha ankangoyenda, maso ali pa nthambo zimene anagula, kulunjika kumbuyo kwa lole. Ndinawaitana ndi mawu anga onse, mawu amene ankadzaza holo ya hotela popanda mayiki. Sanatembenuke. Mayi wogulitsa nthochi ndi amene anawakoka malaya, ndipo tayala linadutsa pa nsonga ya nsapato yawo.

Dalaivala anatukwana, anthu anapukusa mitu n'kumapita. Tinakhala pa khonde la sitolo yotseka, ndipo ndinachita dala kuyankhula nditaphimba pakamwa ndi dzanja.

"Achimwene, mukundimva?"

Ankangoyang'ana dzanja langalo. Ndinalichotsa.

"Simukumva."

Anayang'ana nthambo zimene zinali m'manja mwawo. Kenako anati, "Anayamba kuchoka ndi mawu ang'onoang'ono. Mbalame, foni, timabelu ta pa kibodi. Ndinkayesa kibodi yawonongeka, mpaka ndinapita nayo kwa okonza. Kenako mawu ako. Papita nthawi ndisakukumva ukamaimba. Ndimangoona pakamwa pako pakuyenda."

"Ndiye zitsulozi?"

"Zimenezi ndimazimva kumapazi ndi pachifuwa. Ndi nyimbo yokhayo yatsala imene ndingaidziwe ngati yalakwika kapena ayi."

"Tiyeni kuchipatala. Lero lomwe."

"Akakangolemba kuti ndine gonthi, kuntchito andichotsa pa makina. Ndani angasunge munthu wosamva belu la ngozi?" Anandigwira dzanja mwamphamvu. "Tiimbe kaye ku shedi kuja atiitana achinyamata. Tikatha ndipita. Usauze munthu."

Ndinawauza poyera kuti alamu ndi Ndevu ndiwauza, ndipo ndinawauzadi tsiku lomwelo. Alamu analira n'kusekanso nthawi imodzi, poti sinali misala. Ndevu anati, "Ndiye ndizingowapatsa zizindikiro ndi ndodo. Tikwanitsa, sisi."

Shediyo inali nyumba yakale yosungiramo katundu, kuseri kwa mafakitale. Achinyamata ena anaibwereka kuti tikaimbemo Loweruka masana. Inali ndi chitseko chachikulu chachitsulo chokankhira cham'mbali, chimene anachitseka ndi loko kuti anthu asalowe mozemba, ndi kakhomo kamodzi kakang'ono kolowera. Pofuna kuti mukhale mdima, anapachika makatani akuda kuyambira kudenga mpaka pansi, kuphimba mawindo onse ndi khoma la kumbuyo kwa siteji. Makataniwo ankanunkha fumbi ndi mafuta.

Tikukonza zida ndinaona achimwene akutulutsa m'chikwama makina odulira zitsulo, aja a m'manja okhala ndi mpeni wozungulira, ndi chigoba chimene owotcherera amavala kumaso.

Ndinaima patsogolo pawo kuti aone pakamwa panga. "Zimenezi sitinaphunzire."

"Ndi za nyimbo yomaliza basi. Anthu aone moto pang'ono."

"Achimwene, m'chigobamo muziona chiyani?"

"Ndikudziwa chimene ndikuchita. Ndimagwira zimenezi tsiku lililonse."

Ndinakauza Ndevu. Anakweza mapewa n'kusuntha tebulo lachitsulo la achimwene kuti litalikirane ndi makatani. Malo ake anali ochepa, silinasunthe kwenikweni.

Anthu anadzaza mpaka kukhoma. Munkatentha ngati mu uvuni. Tinayamba, ndipo ndisaname, nyimbo zoyambirira zinayenda bwino kuposa tsiku lina lililonse. Pansi pankagwedezeka, anthu ankadumpha limodzi ngati thupi limodzi, ndipo ndikakuwa mzere, khamu lonse linkandibwezera. Achimwene anali osavala nsapato, akumwetulira. Ndinali ndisanawaone akumwetulira kwa miyezi.

Pa nyimbo yomaliza anasiya makina ojambulidwa aja akugunda okha m'masipika, anavala chigoba, n'kuweramira pa tebulo. Mpeni utakhudza chitsulo, nthethe za moto zinauluka ngati mchira wa tambala, kupita m'mwamba ndi kumbuyo. Khamu linakuwa mokondwa.

Ndinayamba kumva fungo ndisanaone kanthu. Nditatembenuka ndinaona kamzere kofiira m'munsi mwa katani, kumbuyo kwenikweni kwa achimwene. Ndisanapume kawiri kamzereko kanali katakwera kupitirira mutu wa munthu.

"Moto," ndinakuwa pa mayiki. "Moto, tulukani."

"Moto," khamu linandibwezera, manja ali m'mwamba. "Moto, moto."

Ankayesa ndi nyimbo. Ndinakuwanso, iwo n'kubwezanso, akuseka, ena akujambula ndi mafoni. Sindinaonepo chinthu choopsa ngati nkhope zokondwa zimenezo, zowala ndi moto umene unali kumbuyo kwanga.

Ndevu anasiya ng'oma n'kuzula nthambo ya masipika. Kugunda kuja kunaduka, n'kutsala kulira kwa makina odulira zitsulo ndi kuthetheka kwa makatani. Pamenepo m'pamene anthu anazindikira. Onse anatembenukira ku kakhomo kaja nthawi imodzi.

"Sisi, atenge akulu," anatero Ndevu. Anatola nyundo n'kudumphira m'khamumo, kulunjika ku chitseko chachikulu.

Achimwene anali akudulabe. M'chigobamo ankangoona nthethe zawo, ndipo makinawo ankawanjenjemeretsa manja mwakuti sanamve kuti pansi pasiya kugwedezeka. Moto unali utafika kudenga pamwamba pawo, zidutswa za katani zikugwa zikuyaka. Ndinathamangira kwa iwo n'kuima. Ndikanawagwira paphewa akanatembenuka ndi mpeni ukuzungulira, ndipo ine ndinali pomwepo. Nthambo ya makinawo inkalowa kuseri kwa katani yoyakayo. Ndinawaitana ngakhale ndinkadziwa kuti n'zopanda ntchito. Ndinavula nsapato n'kuwagenda pamsana. Anangogwedeza phewa, kuyesa ndi anthu osangalala, n'kupitiriza.

Utsi unatsika. Ndinayamba kutsokomola, maso akuwawa. Kumbuyo kwanga anthu ankalira pa kakhomo, ndipo pamwamba pa kulirako ndinkamva nyundo ya Ndevu ikumenya loko. Ndinaganiza zothawa. Ndinaganizanso za nkhope ya alamu. Ndinagwada n'kukwawira pansi pa tebulo lawo, nthethe zikundigwera m'tsitsi, n'kugwira phazi lawo losavala ndi manja awiri, kulifinya ndi mphamvu zanga zonse.

Anadzidzimuka n'kukweza makinawo m'mwamba. Mpeni unazungulira m'malere pamwamba pa tebulo, kenako unayamba kufooka. Anakweza chigoba. Anayang'ana pansi n'kundiona, kenako anayang'ana m'mwamba.

Katani yonse inaduka nthawi yomweyo. Mbali ina inagwera pa kibodi, ina pamsana pawo. Ndinatuluka pansi pa tebulo n'kuikoka ndi manja, osamva n'komwe kuti ndikupsa. Anandigwira m'chiuno, tinagwa limodzi kuchoka pa siteji, ndipo tinayamba kukwawa. Sindinkaona chilichonse. Ndinkatsatira kulira kwa nyundo, ndipo achimwene ankatsatira ine, atagwira mwendo wanga.

Kenako chitseko chachikulu chinalira n'kutseguka, kuwala kwa dzuwa kunalowa m'utsimo, ndipo anthu anakhuthukira panja. Wina anandiponda pa dzanja. Wina, sindikumudziwa mpaka lero, anandinyamula m'khwapa n'kukanditula pa miyala ya panja.

Palibe anamwalira. Mtsikana wina anathyoka mwendo pa kakhomo kaja, ambiri anakomoka ndi utsi. Ozimitsa moto atafika, theka la denga linali litagwa. Achimwene anakhala pa miyala pambali panga, malaya atapsa kumsana, akuyang'ana anthu akulira ndi kuitanana.

"Anakuwa nthawi yaitali?" anandifunsa.

Ndinagwedeza mutu kuvomera.

"Iwenso unandiitana?"

Ndinavomeranso. Anaphimba nkhope ndi manja.

Kuchipatala anatigoneka m'zipinda zosiyana. Dokotala atabwera kudzaona zikhato zanga ndinamuuza za makutu a achimwene, ndipo anawayeza sabata yomweyo. Khutu la kumanzere linali litafa. La kumanja linatsala pang'ono, ndipo anati nalonso likupita, kungoti sangadziwe liwiro lake. Anawapatsa kachipangizo kovala kukhutu. Apolisi anatifunsa mafunso kangapo, ife ndi achinyamata amene anakhoma chitseko aja, ndipo nkhaniyo inatenga miyezi isanathe. Achimwene anapita okha kwa makolo a mtsikana wothyoka mwendo uja. Sanandiuze zimene anakambirana, koma anabwerako maso ali ofiira. Kuntchito anawachotsa pa makina n'kuwaika kosungira zipangizo.

Ine ndinakhala nthawi ndisanagwirenso chipeso. Zikhato zinapola, koma khungu lake linauma, silimva bwino kutentha kwa madzi, mwakuti ndikamatsuka kasitomala tsitsi ndimayesa madziwo ndi chigongono. Ndikalowa m'nyumba iliyonse, kaya ndi banki kaya ndi sitolo, maso anga amayamba afufuza makomo. Wina akayatsa machesi kumbuyo kwanga ndimaimirira.

Galaja inakhala yotseka mpaka mvula inadutsa. Tsiku lina alamu anandiimbira foni kuti achimwene akundifuna. Ndinapeza atachotsa masiponji onse m'makoma, chitseko chili chotsegula mbali zonse ziwiri. Ndevu anali atakhala pa mgolo wake. Pa tebulo panali kibodi yakale yobwereka.

"Anyamata ena akufuna tikaimbe," anatero achimwene. Tsopano ankayankhula motsitsa kwambiri, poopa kukalipa osadziwa. "Pabwalo la mpira, panja. Popanda moto. Ndawauza kuti ndifunse kaye iwe."

"Nyimbo zake ziti?"

"Zazitsulo. Zinazo sindingathenso, ukudziwa."

Ndinayang'ana Ndevu. Iye anayang'ana pansi.

"Sindikudziwa ngati ndingaimenso pa siteji, achimwene. Ndikangoganiza, mtima umathamanga."

"Ndamva. Usayankhe lero." Anazengereza pang'ono. "Koma pali nyimbo ina ndapeka. Ndikufuna ndidziwe ngati ikukukwana. Tatembenuka."

Ndinatembenuka, ndipo anaika chikhato chawo pamsana panga, pakati pa mapewa. Ndi dzanja linalo anapondereza kibodi kumanzere, mawu amodzi aakulu, aatali. Ndevu anayamba kugunda mgolo pang'onopang'ono. Ndinayang'ana kukhomo, kumene mwana wawo ankayendetsa kanjinga kake pabwalo.

"Usakuwe," anatero achimwene. "Uimbe, koma motsitsa mawu, m'chifuwa. Ndikumva pano."

Ndinayesa. Mawu anatuluka onjenjemera, n'kuduka pakati. Anandiuza kuti ndiyambirenso, ndipo ndinayambiranso. Tinaimba mpaka alamu anabwera kudzatiitana kuti chakudya chikuzizira. Za kubwalo la mpira ndinawauza kuti ndikufuna ndikaone kaye malowo ndekha, ndipo Ndevu anati adzanditengerako pa galimoto ya buledi Lachitatu akamaliza kupereka.